Nthiti za Atate Ake

Amuna anga ndi oonda kuyambira tsiku lomwe ndinawaona koyamba akukankha njinga yakuphwa tayala pa msewu wopita ku Mpanshya. Ndawaphikira zaka zonsezi, nkhuku, nyemba, maungu, mbatata, koma chakudya chimangolowa ngati madzi othira pa mchenga. Abale awo ankandinena kuti ndimadyera ndekha kukhitchini, ndipo aliyense woona thupi langali sakanandiikira kumbuyo. Ndinkawaseka kuti akavula malaya, ana a sukulu atha kuphunzirira kuwerenga pa nthiti zawo. Pakamwa m'poopsa ndithu, chifukwa zomwe ndinkanena moseka zija zinadzachitikadi pabwalo pathu pomwe.

Mwana wathu womaliza ndi wamkazi. Anabadwa movutikira pa chipatala cha mishoni, ndipo atate ake ataona mmene madokotala anatipulumutsira tonse awiri, analumbira pakhonde pomwepo kuti ameneyu adzavala chovala choyera chija. Mwanayo atakula n'kusankhidwa kukaphunzira udokotala ku Lusaka, nkhaniyo sinafune wailesi. Amuna anga anaifalitsa okha pa njinga, kuyambira kutchalitchi, pa msika wa ku Rufunsa, mpaka kwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Chinyunyu. Makondakitala a minibasi anayamba kumutcha ba dokota asanagwireko ndi jekeseni yemwe.

Koma munthu wonyadira mwana chonchiyu anali asanamugwirepo dzanja kuyambira pomwe mwanayo anatha msinkhu. Kwathu kuno mtsikana akakula, alangizi amamuuza kuti atate ake tsopano ndi moto. Kuchipinda kwawo salowako, pa mpando umodzi sakhala nawo, thupi lawo saligwira, ndipo akawapeza atavula malaya amabwerera. Mabanja ambiri anazisiya pang'onopang'ono zimenezi, koma amuna anga anazigwira ndi manja awiri. Mwana akafuna kuyankhula nawo ankagwada chapatali, madzi akumwa ankawaika pansi, iwo n'kutola okha. Chonsecho ali wamng'ono sankagona tulo pena paliponse koma pa chifuwa chawo cha mafupacho, pansi pa mtengo wa mango. Ndikudziwa kuti onse awiri ankazikumbukira, kungoti panalibe wozitchula.

Chaka china, titangomaliza kukolola, mwanayu anatsika minibasi osatiuza kuti akubwera. Atate ake anathamangitsa tambala mudzi wonse kuti ba dokota adye bwino. Iye anagwada, n'kupereka moni, n'kuseka, koma chinali chiseko cha mano okha. Ine ndinamubereka, sangandinamize. M'mawa mwake tili awiri pa mulu wa chimanga tikutong'ola, ndinamudikira mpaka anayamba yekha.

"Amai, nafeluka mayeso," anatero osadzutsa mutu. "Anipatsa mpata umodzi chabe. Nikafelukanso, anichotsa sukulu."

Anandifotokozera kuti phunziro lomwe analephera ndi la kapangidwe ka thupi la munthu, kudziwa fupa lililonse, mtsempha uliwonse, pomwe pali chiwindi ndi pomwe pali impso. Za m'mabuku anazimeza zonse. Koma phunziroli silithera m'mabuku. Kusukuluko kuli chipinda chozizira momwe amasungamo matupi a anthu omwalira, ndipo pa mayeso wophunzira amayenera kuika dzanja lake pa thupilo n'kuonetsa aphunzitsi chomwe afunsa. Miyezi yonse iye ankaima kumbuyo kwa anzake, iwo akugwira, iye akulemba. Tsiku la mayeso kunalibe msana wa mnzake wobisalako. Thupi lomwe anamupatsa linali la bambo wachikulire, woonda.

"Nkhope anaiphimba, sin'naione. Koma mapazi, amai. Zikang'a monga za atate, na chala chachikulu chopindika monga cha atate. Manja yanga yanakana. Ninaimilira chabe mpaka nthawi inasila."

Mwanayu tinamulera tikumuuza kuti mtembo sagwira mwana, ndi ntchito ya akuluakulu, tinamuuzanso kuti thupi la atate ake saligwira. Anatimvera bwinobwino, ndipo uko anakapeza zoletsa zonse ziwiri zitagona pa tebulo limodzi. Anandipempha kuti ndisawauze atate ake, ine n'kuvomera.

Mphunzitsi wake wina, mayi wachifundo, anabwereka onse olephera chipangizo choti akaphunzirire kunyumba. Ndi tabuleti, ija yooneka ngati foni yaikulu, ndipo ili ndi kapepala kake kolembedwa timizere takuda. Kapepalako umakamata pa chifuwa cha munthu, n'kumuloza ndi tabuletiyo ngati ukufuna kumujambula. Pa galasipo umamuona munthu yemweyo, nkhope yake, mphasa yomwe wagonapo, nkhuku yodutsa kumbuyo, koma chifuwa chake chimaoneka chotseguka. Nthiti zili poyera, mapapo akufufuma n'kuphwa, mtima ukugunda. Ukazungulira mbali ina, chithunzicho chimazungulira nawe. Ukakhudza ndi chala, nthiti zimachoka n'kuona za pansi pake. Nzeru imeneyi ili ndi dzina lake la Chingerezi, koma lilime langa linalikana.

Poyamba anakamata kapepalako pa thumba la chimanga lomwe tinaliimika pakhonde. Nditasuzumira ndinakuwa mpaka agalu anauwa. Thumba lathu lomwe lija, la chigamba chofiira chomwe ndinasoka ndekha, linali ndi mtima wogunda. Amuna anga, omwe ankakonza njinga chapatali monga mwa mwambo wawo, anatumiza ine kuti ndikatenge tabuletiyo awone. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Thumba ili musakaligulitse. Lili na moyo." Iwo ankangoona ngati ndi maphunziro apamwamba a ba dokota, osadziwa kuti mwana akumira.

Vuto linali lakuti thumba lilibe nthiti. Mphunzitsi uja anawauza kuti zooneka pa galasizo ndi zojambula chabe, zofanana kwa aliyense, ndipo sizilowa m'mutu zikapanda kudzera m'manja. Wophunzira ayenera kupeza munthu wamoyo, ayambe wapapasa fupa lopingasa pansi pa khosi, atsike ndi zala nthiti imodzi imodzi, anene yekha kuti mtima uli apa, chiwindi chayambira apa, kenaka ayang'ane pa galasi kuti aone ngati walondola. Alongo ake onse ali kutali ku ntchito. Ndiye ndinagona ine, m'nyumba, titatseka chitseko.

Zinali zamanyazi. Zala za mwana zinkangomira ngati akukanda ufa wa mandasi, ndipo ine ndikagwidwa m'nthiti ndimaseka ngati wamisala. Anafunafuna, anakanikiza, anapukusa mutu.

"Amai, nthiti zanu zinasamukira kuti?"

"Zilimo, zifune bwino. Nazisunga pabwino kuti zisabedwe."

Anaseka zenizeni koyamba chibwerereni, mpaka misozi. Koma misoziyo sinathe pomwe chiseko chinathera. Anazimitsa tabuleti, anaikulunga m'chitenje, anaiika pansi pa chikwama. Anati ngakhale atapeza nthiti za munthu wamoyo sizithandiza kanthu, chifukwa bambo uja akumudikirabe m'chipinda chozizira, ndipo manja ake adzakananso. Anati kuli bwino asabwerereko, azindithandiza kugulitsa tomato kumsewu. Apo ndinachita mantha, chifukwa mwanayu anatengera atate ake, akanena chinthu wanena.

Madzulo ake ndinawatsatira amuna anga kudimba. Lonjezo langa ndinalisiya kunyumba, chifukwa chinsinsi chopha sukulu ya mwana sindikanachisunga. Ndinawauza zonse akuthirira repu, za mayeso, za chipinda chozizira, za mapazi a bambo uja. Ndinawonjeza ndi zanga, poti pakamwa panga sipagona. Ndinati walira mvula walira matope, inu munalira dokotala, ndiye dokotala ntchito yake ndi kugwira anthu. Anaika kheni pansi, anayang'ana mapazi awo ali m'matope, n'kufunsa motsitsa mawu, "Ati monga yanga?" Ndinati inde. Anatola kheni n'kupitiriza kuthirira.

Kutacha kunali mphepo yozizira ija ya mwezi wa Julaye. Ndikusesa pabwalo ndinaona amuna anga atuluka ndi mphasa, aiyala pansi pa mtengo wa mango, pamalo poti aliyense wodutsa pa njira aone. Pambuyo pake anandiuza kuti anasankha dala poyera, chifukwa chobisika m'nyumba ndiye chimabala miseche. Anavula malaya, anawapinda bwinobwino ngati akupita nawo ku Misa, anawaika kumutu, n'kugona chagada. Nthiti zonse zinali mbee, khungu litachita tsembwe ndi kuzizira. Kenaka anaitana mwana.

Mwana anatuluka, anaona atate ake ali chifuwa pamtunda, ndipo anatembenuka nthawi yomweyo monga anamulangizira alangizi.

"Bwela kuno," anatero iwo. "Bwela na chija chako."

Anabwera atanyamula tabuleti, maso ali pansi, n'kugwada chapatali pomwe ankagwada nthawi zonse. Anandiyang'ana ine ndi diso loti mwaulula, koma ine ndinalimbikira kusesa malo osesa kale.

"Sendera. Nizafa na mphepo ukali kuganiza," anatero atate ake. Mwana anasendera pang'ono. Iwo anayang'ana kumwamba m'masamba a mango, n'kufunsa, "Ukafika pa nyumba ya munthu, umakamba chani?"

"Odi."

"Thupi ni nyumba ya munthu. Choipa ni kulowa monga kawalala. Kamba odi, mwine wake akuyankhe, ulowe."

Tsache langa linaima lokha. Kenaka ndinamva timawu tating'ono, ngati ta kamwana kaja kankagona pansi pa mtengo womwewu.

"Odi, atate."

"Lowani, ba dokota."

Mwana anaomba m'manja kawiri mwaulemu, anamata kapepala pa chifuwa chawo, ndipo anaika zala ziwiri pa fupa la pansi pa khosi. Ndinaona amuna anga akutsinzina mwamphamvu. Kaya kunali kuzizira kwa zala kaya chinali china, sindinawafunse. Mwana anayamba kutsika, nthiti imodzi imodzi, akutchula maina a Chingerezi chapansipansi. Pa thupi limeneli panalibe chosowa, chilichonse chinali pamtunda ngati katundu wa pa msika. Akapeza malo ankandipatsa ine tabuleti kuti ndiloze, ndipo chala chake chinkapezeka chili ndendende pomwe chithunzi chaonetsa.

Tili mkati mwa zimenezi anatulukira alamu anga, achemwali awo a amuna anga, omwe amakhala kuseri kwa dimba. Anabwera kudzabwereka sefa. Ataona mlongo wawo ali chagada pa mphasa m'mawa, maso otsinzina, mwana atagwada pambali, ine nditaima ndi nkhope yonyowa, anaponya beseni pansi n'kuyamba maliro pomwepo.

"Mayo ine! Mlongo wanga ine! Wanisiya na ndani!"

Amuna anga anadzutsa mutu. "Nikalibe kufa. Sungani misozi, muzaifuna tsiku lina."

Alamu anadula kulira pakati ngati wailesi yothera batire. Atamvetsa chomwe chinkachitika, mantha anasanduka mkwiyo. Anati awa ndi malodza, mwana wamkazi wotha msinkhu kupapasa chifuwa cha atate ake poyera anthu akuona, makolo athu akanaona akanati chiyani. Ananditembenukira ine kuti ndine ndabweretsa zachilendo pakhomo pano. Ndinali nditakonza kale yankho lowawa, koma amuna anga anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

"Imwe mukadwala mumathamangira ku chipatala, mwana wa munthu wina akugwirani paliponse, mubwela muchira. Uja mwana anaphunzirira pa ndani? Mwambo niudziwa, ndine nausunga zaka zonse izi. Lelo nautsegulira chitseko ine mwine wake."

Alamu anang'ung'udza, koma sanachoke. Chidwi ndi matenda a banja lawo lonse. Anasendera kumbuyo kwanga, anasuzumira pa galasi, n'kugwira pakamwa. Posakhalitsa anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, akulamula.

"Onetsa chiwindi, tione vamene anamwa ali mnyamata."

Mwana anachotsa nthiti ndi chala pa galasi paja, chiwindi n'kuonekera, chosalala, chofiirira bwino. Amuna anga anasangalala ngati apambana mlandu. Mwana anachita kuwauza kuti chimenecho n'chojambula, si chawo, ndipo alamu anati ankadziwa kale, chenicheni sichingaoneke choncho.

Atafika pa mtima, amuna anga anapempha kuti nawonso awone. Ndinawatembenuzira tabuleti. Anayang'ana chinthu chofiiracho chikugunda pa chifuwa chawo, n'kufunsa ngati nachonso n'chabodza. Mwana anati inde, chimagunda chimodzimodzi ngakhale pa thumba la chimanga.

"Nanga wanga weniweni uli kuti?"

Mwana anandilanda tabuleti n'kuiika pa mphasa. Anayambanso pa fupa la pansi pa khosi, anatsika ndi zala mpaka chakumunsi kwa bere lakumanzere, ndipo anayala chikhatho chonse pamenepo. Anapendeketsa mutu akumvetsera.

"Uli apa, atate. Uthamanga maningi."

"Ni mphepo," anatero iwo. Koma msozi unali utatsika kale m'mbali mwa diso n'kulowa m'khutu. Alamu anadzuka mwadzidzidzi akuti asiya nyemba pamoto, sefa ija n'kuiiwala.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse dzuwa likafunda, mphasa inkayalidwa. Tabuleti tinkaitchaja pa sola yathu ya pa denga, ndipo foni za m'nyumba zinagona ndi njala. Odutsa pa njira poyamba ankaima n'kunong'onezana, kenaka anazolowera, ena mpaka ankapereka moni kwa wodwala wathu wabodzayo. Nthawi zonse mwana ankayamba ndi odi, iwo n'kuyankha kuti lowani. Amuna anga anaphunzira maina angapo a Chingerezi n'kumakawatchula molakwika ku kwaya. Ine ndinali wonyamula galasi, ndipo mikono inkandiwawa, koma sindinadandaule kwambiri kuposa mmene ndimadandaulira masiku onse.

M'mawa womaliza, chikwama chili kale pakhomo, mwana anamaliza kupapasa koma sanadzuke. Ndinaona kuti mantha aja abwerera.

"Atate, imwe mumaniyankha. Uja wa ku sukulu sangayankhe. Nizalowa bwanji?"

Amuna anga anadzuka n'kukhala tsonga, malaya ali m'manja. Anaganiza kanthawi, akuyang'ana mapazi awo.

"Wakamba ati ali na zikang'a monga ine. Ndiye kuti ni mlimi mnzanga. Ise alimi timayankhirana, mnzako akachokapo umamulandirira alendo. Namuyankhira ine lelo, pano. Ukakambe odi, uzamvera mau yanga."

Anamuperekeza kumsewu, chikwama chili pa njinga, iwo kutsogolo, mwana kumbuyo, mpata uli pakati monga kale. Ine ndinatsala ndikupinda mphasa.

Kwathu foni imagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa khola, ndipo masiku otsatirawo amuna anga anapeza zifukwa zambiri zokhalira pa chulu chimenecho. Tsiku lina masana ndinamva akundiitana mokuwa. Ndinathamanga mmene thupi langali limathamangira. Anandipatsa foni, poti mwana anafuna ine, koma anaika khutu lawo pafupi ndi langa. Ophunzira anali atawalola kulowa m'chipinda chija kukonzekera mayeso.

"Amai, namugwira," anatero mwana. "Anzanga ananiseka pamene ninaomba m'manja, koma ninakamba odi. Muwauze atate ati ninawamvera."

Amuna anga anatsika pa chulu n'kupita kukapopa tayala la njinga lomwe linali lolimba kale. Mayeso aja mwana anakhoza, ndipo nkhaniyo inayendanso pa njinga mpaka ku Chinyunyu. Za kulephera koyamba atate ake sanauze munthu.

Ine ndinkaganiza kuti mwambo uja wathera pa mphasa paja, koma ndinalakwitsa. Mwana atabwera pa tchuthi chotsatira anagwada chapatali monga kale, madzi anawaika pansi, iwo n'kutola okha. Ndinakhumudwa pang'ono, ndisaname. Koma m'mawa mwake ndinamva amuna anga akutsokomola pabwalo, chifuwa chouma chochita kukakamiza, choti ngakhale mbuzi sikanakhulupirira. Munthu ameneyu chaka chonse sanadwalepo ngakhale chimfine. Nditasuzumira ndinaona mphasa ili kale pansi pa mango, malaya atapindidwa kumutu.

"Amake mwana, itanani ba dokota. Chifuwa ichi sinichimvetsa."

Mwana anatuluka, anandiyang'ana, ndipo tonse awiri tinaluma milomo kuti tisaseke. Tabuleti anali atabweza kale kusukulu, analibe chilichonse m'manja. Anapita, anagwada pambali pawo, anaomba m'manja n'kunena odi. Anayala chikhatho pamalo paja, ndipo anachisiya pomwepo nthawi yaitali kuposa yomwe dokotala aliyense amafunikira.

Mpaka lero chifuwa chimenechi chimawagwira tsiku lomwe mwana wafika, n'kuwasiya tsiku lomwe wakwera minibasi. Ine mankhwala ake sindiwafunafuna.